Juga Yopanda Wodyedwa

Kompyuta yoyamba imene ndinaigwira ndi manja angawa inafika pasukulu pathu itakhala pampando wakutsogolo wa galimoto ya mishoni, itamangidwa lamba. Aphunzitsi amene anapita kukaitenga ku Lilongwe anabwerera ali kumbuyo, akumwa fumbi la msewu wa ku Dowa, ndipo potsika anali otuwa mpaka m'nsidze. Palibe amene anadandaula. Ankati munthu akatuwa amasamba, koma makinawo akatuwa ndiye kuti atha.

Inali nthawi imene zipani zinali zitangochuluka kumene, aliyense pakamwa patatseguka. Nyuzipepala zamitundumitundu zinkabwera ndi minibasi, zina zongotuluka kangapo n'kuzimirira, ndipo zikatopa kutukwanizana za ndale zinkalembako za makompyuta. Zinkati kunja anthu ayamba kutumizirana makalata opanda sitampa, kalata n'kufika tsiku lomwelo. Ife tinkawerenga zimenezo pa nthawi ya tiyi n'kumaseka, poti kwathu kalata yochokera ku Ntchisi, pafupi pomwepa, inkafika mwini wake atabwera kale kudzacheza n'kubwerera. Tsopano chinthu chimene tinkangochiwerengacho chinali chitatipeza pakhomo. Tsiku loiyatsa ahedi anayamba ndi pemphero, ndipo aphunzitsi anakangana mpaka madzulo ngati makinawo angathe kuchonga mayeso okha. Amene ankatsutsa kwambiri ndi omwe ankalakalaka kuti zitheke.

Ine ndinali wotayipa pasukulu ya sekondale ya mishoniyo, kumtunda pang'ono kuchokera pa Boma. Mayeso onse ankadutsa m'zala zanga. Ndinkawamenya pa sitensulo ndi tayipilaita yaikulu yachitsulo imene inkafuna mphamvu ngati ukusinja, ndipo ntchitoyo ndinkaidziwa, sindibisa. Amuna anga anali mphunzitsi wa pulaimale, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Tinali ndi kamwana kathu koyamba, kamtsikana, kamene tinakadikira zaka zambiri mpaka anthu anatopa kufunsa. Apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Chezi kudzandithandiza kulera. Mwanayo ankayenera kubatizidwa Lamulungu la mgonero la m'nyengo yozizira, ndipo apongoziwo anali atasoketsa kale kadiresi koyera n'kuuza mudzi wonse wa kwawo kuti ukonzeke. Madzulo aliwonse ankakatulutsa m'sutikesi, kukayang'ana, n'kukabwezeramo.

Kompyutayo anaiika mu ofesi mwanga chifukwa ndimo munali soketi yosagwedera. Amene anadzailumikiza anali bambo wina wa ku Lilongwe, wochepa thupi, woyenda ndi kachikwama kodzaza madisiketi, timbale tosungiramo ntchito za pa kompyuta. Ndinali ndisanaonepo munthu wokonda chinthu chopanda moyo ngati bambo ameneyo. Ankailankhula. Ikachedwa kuyaka ankaisisita pamwamba n'kumati, "Dzuka iwe, alendo akudikira." Anandisiyira malamulo ambiri: ndiziifunditsa nsalu ndikamaweruka, ndisamaizimitsire pakhoma, madisiketi ndisamawasiye padzuwa, kapu ya tiyi isamayandikire. Lamulo limene ankalibwereza kwambiri linali loti ndizisunga ntchito pafupipafupi, chifukwa magetsi a kuno satsanzika. Ndinalimvetsa tsiku limene mayeso onse a sayansi anapita ndi magetsi ndikuona, nditangotsala pang'ono kumaliza. Tayipilaita yanga inali isanandichitepo chipongwe chotere.

Kiyibodi sinandivute. Zilembo zinali pomwe ndinazizolowera, kungoti ndinkazimenya kwambiri mpaka bamboyo ankatsinzina. Chimene chinandigwiritsa njakata chinali mausi, kachipangizo kokwana m'dzanja kamene umakakhwekhwereza patebulo kuti kamuvi ka pagalasi kayende. Dzanja langa linazolowera kumenya, osati kukhwekhwereza. Ndikati ndipite kumanja, kamuvi kankathawira kudenga. Tebulo likatha, ndinkapitiriza m'malere. Akati dinani kawiri mofulumira, ine ndinkadina kamodzi, kupuma, n'kudinanso, makina ali duu. Ndinapsa mtima mpaka ndinati andibwezere tayipilaita yanga, zachibwanazi akapatse ana.

Bamboyo anaseka n'kudina penapake. Galasi lonse linasanduka lobiriwira, ndipo panandandalika makadi, ofiira ndi akuda, mafumu ndi zisoti zawo.

"Mayi, sukulu ya dzanja lanu ndi imeneyi," anatero. "Muzikoka khadi ndi mausi. Lofiira muzilisanjika pa lakuda, lakuda pa lofiira, kuchokera pa lalikulu kutsika. Onse akakwera pamwambapa ndiye kuti mwapambana. Muzichita zimenezi pa nthawi yopuma. Mwezi usanathe dzanja likhala litamva."

Ine ndinakulira m'nyumba imene makadi ankawatchula monong'ona. Ndinabweza mpando m'mbuyo.

"Si juga imeneyi, bambo?"

"Juga mudya ndani, poti muli nokha?"

Ndinaganiza, ndipo ndinaona kuti akunena zoona.

Dzanja linamvadi. Pasanapite nthawi ndinkakoka khadi kuchokera kungodya ina kukaliika kungodya ina osaligwetsa panjira, ndipo makalata a ahedi anayamba kutuluka pa pulinta oyera bwino, opanda zigamba za utoto wofufutira. Ndinene poyera kuti masewerawo ndinawakonda, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi. Mayi woyamwitsa sakhala ndi nthawi yakeyake. Kanthawi ka tiyi kaja, chitseko chili chotseka, makadi akusanjikana mwakachetechete, kanali kanga ndekha, ndipo mutu unkapepuka.

Chimene sindinachiganizire ndi windo. Windo la ofesi yanga linayang'ana kanjira kopita kutchalitchi ndi kuchigayo, ndipo chibwerere kompyuta palibe ankadutsa osasuzumira. Ena ankaima kuonerera thumba la chimanga lili pamutu. Ine ndinazolowera, moti katani sindinkatseka, makamaka m'mawa wozizira pamene kadzuwa kankalowera pomwepo. Lachinayi lina amayi a mpingo akupita kumapemphero awo anaima pawindopo kundipatsa moni. Ndinayankha mokondwa, dzanja lili pa mausi, mfumu yofiira ili lende pakati pa galasi. Moniwo unafupika mwadzidzidzi. Ndinamva mapazi akuchoka mofulumira, koma ndinangoti mwina achedwa.

Pofika Lamulungu nkhaniyo inali itafika ku Msakambewa itanenepa. Ankati ndimatchova juga ndi azungu a kunja kudzera m'waya. Ankati ndalama zimalowera pa kachiboo kolowetsera madisiketi. Ena anaonjeza kuti malipiro a amuna anga ndinawadyetsa kale, n'chifukwa chake amayenda ndi jekete limodzi. Jeketelo ankalikonda okha, ndinkachita kulimbana nawo kuti ndilichape.

Loweruka lotsatira masana, kunyumba kwathu kunafika akulu ampingo awiri. Kwathu kuno akulu ampingo akabwera awiri, n'kukhala pakhonde zipewa zili pamaondo, n'kukana tiyi, sufunsanso kuti abwerera chiyani. Umangodikira kumva kuti nkhani yake ndi iti. Anayamba ndi pemphero, anafunsa za chimanga, anafunsa za chifuwa cha apongozi, kenaka anafika pamene amapita. Anati mpingo wamva zoti ndimagwira makadi. Anati ndikaonekere kubwalo la akulu ampingo, ndipo kufikira nkhaniyo itaweruzidwa, mwana achotsedwa kaye pa gulu la obatizidwa, chifukwa mwana wa kholo limene lili pa chilango sabatizidwa.

Apongozi anali atakhala pamkeka pafupi ndi khomo, mwana ali pamiyendo. Alendo atapita analowa m'nyumba, anatulutsa kadiresi kaja n'kukaika pansi penipeni pa sutikesi, pansi pa mabulangeti. Chimenecho chinandipweteka kuposa mawu onse a akulu ampingo. Amuna anga anangoti, "Tiyeni tidekhe, choonadi chioneka." Ndinawachokera, poopa kuti mlandu ungakhale uwiri. Ndinapita kuseri kukatsuka mapoto amene anali otsuka kale, ndipo zimene ndinawauza mapotowo za amayi a pawindo aja sindingazilembe pano.

Apongozi anandilondola kuseriko. Anakhala chonjuta pafupi nane n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, ndiuzeni ine ndekha. Ngati azunguwo munawadyako kanthu, tibweze mwakachetechete, nkhaniyi ithe."

Ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndinawafotokozera kuti kulibe mzungu, kulibe chodya, ndi zithunzi chabe zimene ndimaphunzirira kuyendetsa dzanja. Anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, koma ndinaona kuti sanandikhulupirire. Ndinadzifunsa kuti ngati munthu wondikonda chonchi sakumva, nanga bwalo lidzamva bwanji.

Mwa akulu ampingo onse, amene ndinkawaopa anali bambo ena achikulire a ku Msakambewa, mlimi wa fodya, oyenda pa njinga yakuda yaitali imene ankaipukuta kuposa nsapato zawo. Pa milandu ina anali achifundo ndithu, ankapepesera ngakhale oledzera. Koma akamva za juga nkhope inkasintha. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, ngakhale palibe ankachitchula pamaso pawo. Anali ndi mng'ono wawo amene anatchova ndalama za fodya zonse, kenaka ngolo, kenaka ng'ombe za bambo awo, mpaka tsiku lina anachoka m'mudzi ndi manyazi kupita kumaesiteti, osabweranso. Palibe anadziwa kumene anathera.

Bwalo linakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, kozizira ngati m'mtsuko. Amuna anakhala pamabenchi, abusa pampando kutsogolo, ine pamkeka. Abusa athu anali achinyamata, ndipo ndikukhulupirira kuti kompyuta anali ataionapo kwina, koma pabwalo sakanayamba ndi iwo kundiikira kumbuyo. Anapereka mpata kwa akulu, ndipo oyamba kuimirira anali a njinga yakuda aja.

"Mayi, tisazungulire. Makadi munagwira kapena simunagwire?"

"Kugwira ndi dzanja ayi, bambo. Ali m'kati mwa galasi."

Ndinkanena zoona, koma zinamveka ngati mwano. Ndinamva wina akutsonya kumbuyo.

"Chabwino. Mumasewera ndi yani?"

"Ndekha."

M'chipindamo munamveka manong'onong'o. Akuluwo anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ine ndakalamba ndikuona juga. Juga ya munthu mmodzi kulibe. Pamakhala wodya ndi wodyedwa. Ngati mukuti muli nokha, ndiye kuti pali wina amene mukumubisa."

Apo ndinazindikira kuti nkhani yakula kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa mayi wapabanja akati akubisa munthu, anthu saganiza za makadi okha. Mkulu wina anaonjeza kuti ndi zamatipate zimenezi, ufulu walowa mpaka m'maofesi a mishoni, mawa tidzaona amayi atavala mathalauza pa mgonero. Ndinapsa mtima mpaka kuiwala kuti ndili pamkeka.

"Ngati pali munthu amene ndikumubisa, bwerani mudzamugwire nokha. Ofesi imatsegulidwa m'mawa uliwonse."

Ndinadziwa kuti pakamwa pangapa pandiika m'mavuto, ndipo m'maganizo ndinangoona kadiresi kaja kali pansi pa mabulangeti. Koma abusa, Mulungu awadalitse, anawawakha mawu angawo asanagwe. Anati mpingo suweruza zakumva, umaweruza zimene mboni yaona ndi maso, ndipo poti mayiwa aitana okha, bwalo litume munthu. Asanamalize n'komwe, akulu aja anali ataimirira kale.

"Ndipita ndine. Juga ndimaidziwa ndi fungo lomwe."

Anafika Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke m'mapiri. Njinga anaitsamiritsa pansi pa windo lomwe lija. Anavula chipewa pakhomo, ndipo ataona pansi popolishidwa ndi makina atafunda nsalu, anafuna kuvulanso nsapato, ndinachita kuwaletsa. Mpando anaukana. Ndinavundukula nsalu n'kuyatsa, ndipo pamene kompyuta inkalira kukonzekera, iwo anayamba kuizungulira manja ali kumbuyo, monga amachitira ndi ng'ombe pamsika. Anasuzumira kuseri. Anagwira waya uliwonse n'kuulondola ndi chala mpaka pamene wathera. Wina unathera pa kiyibodi, wina pa mausi, wina pa pulinta, wotsiriza pakhoma.

"Uwu ukalowa m'khomamu ukupita kuti?"

"Kumagetsi, bambo. Ndi omwewo akuyatsa babu ili."

Anatuluka panja kukaona kuseri kwa khomalo, n'kubwerera. Kenaka analoza kachiboo kaja.

"Ndalama zimalowera apa?"

Ndinatenga disiketi, kuilowetsa, kuitulutsa, n'kuwapatsa. Anaitembenuza uku ndi uku, anaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuiika patebulo mosamala.

"Sewerani tione."

Ndinatsegula makadi aja. Ndinasanjika ofiira pa akuda, ndinavundukula ena, mpaka ndinafika poti palibenso khadi loyenda.

"Zakanika," ndinatero.

"Mwadyedwa?"

"Tingatero."

"Ndiye mupereka chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Wakudyaniyo ndani?"

"Palibenso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana galasi. Ine mtima unayamba kukhala pansi, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Koma iwo anakoka mpando umene anaukana uja n'kukhala.

"Ayi. Wodyedwa amatha kubisa, amaseka pamene m'mimba mukutentha. Juga imaonekera podya. Pamenepo ndi pamene chobisika chimatuluka. Sindichoka pano mpaka ndione mutadya."

Aliyense amene anasewerapo makadi amenewa akudziwa kuti ali ndi nkhanza zake. Ukakhala wekha wopanda nazo ntchito, amatheka motsatizana. Tsiku limenelo, ubatizo wa mwana wanga uli pa iwo, anakana. Ndinayamba, zinakanika. Ndinayambanso, zinakanikanso. Belu lopumira linalira, lolowera linaliranso. Ahedi anasuzumira pakhomo mapepala ali m'manja, ndipo ataona amene akhala pampandopo anabwerera chafutambuyo. Mabere anayamba kundiwawa chifukwa nthawi yoyamwitsa inali itapitirira, ndipo ndinkadziwa kuti kunyumba apongozi akuzungulira ndi mwana wolira. Ndinkapemphera chamumtima, ndipo sindikudziwa ngati kumwamba kunafikapo pemphero lina lopempha khadi lofiira.

Kenaka ndinamva mawu otsika pambali panga.

"Mwadumpha. Lakudalo likanapita apo."

Ndinatembenuka. Mpando unali utasendera pafupi, ndipo chala chawo chokhakhala chinali chitaloza pagalasi, osalikhudza. Ndinayang'ana, ndipo ankanena zoona. Ndinakoka khadilo.

"Eya. Tsopano musathamangire kuvundukula. Yambani mwaphwasula mulu wautaliwo, ndi umene wabisa zambiri."

Malamulo a masewerawo sindinawauze, anangowatola poonerera. Ankaona njira ine ndisanaione, ankakumbukira khadi limene ladutsa kale, ndipo ndikalakwitsa ankadzuma ngati ndawaponda chala. Ulendo umenewo zinakanikabe, koma pafupi penipeni. Wotsatira wake unayamba bwino, ndipo ine chidwi chinandipitirira ulemu.

"Bambo, makadi mumawadziwa chonchi?"

Sanandiyang'ane. Maso anali pagalasi.

"Sindinagwirepo ndi limodzi lomwe. Ndinkaima kumbuyo kwa mng'ono wanga. Ndikamva kuti ali pamsika, ndinkasiya khasu kukamutenga, iye n'kumati, achimwene dikirani ndimalize kamodzi kokha. Ndiye ndinkaima. Ndinaima choncho zaka zambiri. Munthu ukaima kumbuyo umaona zonse. Ikani lofiiralo, mukuchedwa."

Ndinaika. Milu inayamba kuphwasuka, makadi obisika akutembenuka limodzi ndi limodzi, onse akukwera pamwamba m'malo mwake. Pamapeto panatsala mfumu imodzi yakuda pansi payokha. Ndinati ndiikoke, iwo anakweza dzanja.

"Yomalizayi ndiike ndine. Ndikanene kubwalo zimene ndachita ndi dzanja langa."

Anagwira mausi ngati agwira dzira. Kamuvi kanathawira kudenga monga kankachitira ndi ine. Sichinali chapafupi kuti ine, mayi wa msinkhu wa mwana wawo, ndigwire dzanja la mkulu wampingo. Ndinapepesa n'kugwira pamkono wa jekete, ndipo tinaikoka mfumuyo pamodzi mpaka inakakhala pamalo pake.

Pamenepo makadi onse anayamba kudumpha, monga amachitira munthu akapambana. Ankagwa kuchokera pamwamba, kunjanja m'munsi mwa galasi, n'kumwazikira uku ndi uku, mulu ndi mulu. Akulu aja anaimirira msangamsanga. Makadiwo sanawaonerere. Anawerama n'kuyang'anitsitsa pa kachiboo ka madisiketi. Anayang'ana pa pulinta. Anayang'ana kukhomo, kuti mwina wina alowa kudzapereka kapena kudzalanda. Anadikira mpaka khadi lotsiriza litagwa, ndipo mu ofesimo munkangomveka kulira kwa makina.

"Basi?"

"Basi, bambo. Ikungofunsa ngati tikufuna kuyambanso."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, chipewa chili pamaondo. Nditawayang'ana, misozi inali lengelenge m'maso mwawo, ndipo sanaibise.

"Mng'ono wanga anali ndi mutu wa makadi," anatero. "Ndalama sankazifuna kwenikweni, akadya ankagawa tsiku lomwelo. Ankangokonda kuona akugwirizana chonchi. Akanapeza oterewa, opanda womudya, bwenzi lero tikulima limodzi."

Ndinawamvera chisoni kwambiri, munthu amene m'mawa womwewo ndinkamuona ngati mdani wa mwana wanga. Anatulutsa kansalu m'thumba, anapukuta kumaso, n'kutsokomola monga ankachitira akafuna kuyamba pemphero.

"Juga ine ndimaizindikirira kunyumba. Pamakhala wina amene akulira. Kwanu akulira ndani?"

"Apongozi anga, bambo. Akulirira kadiresi ka ubatizo."

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anagwira tebulo.

"Kawauzeni asite."

Ndinathamanga kunyumba osazimitsa n'komwe makina. Apongozi ndinawapeza pakhonde akuvinitsa mwana amene anali atalira mpaka mawu kutha. Ndinawalanda mwanayo, kumuika kubere, n'kuwauza uthengawo mmene ndinaumvera. Analowa kukhitchini kukapala makala a nsimbi, ngakhale kuti ubatizo unali udakali kutali.

Zimene akuluwo anakanena kubwalo ndinazimva kwa abusa. Anati waya uliwonse aulondola, kudyedwa akuona, kudya akuonanso, ndipo juga sanaipeze. Wina atafunsa kuti nanga makadiwo si makadi, anayankha kuti iwo anatumidwa kukasaka juga, osati zithunzi. Bwalo linangondilamula chinthu chimodzi, kuti ndizitseka katani kuopa kupunthwitsa ofooka. Ndinamvera, ngakhale kuti kadzuwa ka m'mawa kaja ndinakasowa. Amayi a pawindo aja anabwera kudzaona mwana atanyamula ufa ndi nyemba, ndipo tinacheza bwino, nkhani ya makadi osaitchula. Mmodzi mwa iwo pambuyo pake ndinamutayipira nyimbo za kwaya pa kompyuta yomweyo, ndipo anakhala pampando akuiyang'ana chammbali.

Lamulungu la ubatizo kunazizira koopsa, mphepo ya m'mapiri a Ntchisi ikulowera m'mawindo a tchalitchi. Abale a ku Chezi anabwera mudzi wonse monga analonjezera. Kadiresi kaja kanali katasitidwa kangapo konse mpaka kankaima kokha. Kwathu mbale ya madzi a ubatizo amanyamula mkulu wampingo, kuima pambali pa abusa, ndipo tsiku limenelo amene ananyamula anali a njinga yakuda. Nditafika kutsogolo ndi mwana, amuna anga ali pambali panga mu jekete lawo lomwe lija, ndinaona kanthunzi kakukwera m'mbalemo. Akuluwo anali atadzera kunyumba kwa abusa kukatenthetsako madziwo kuti ana asazizidwe, zimene palibe anaziganizirapo chiyambire.

Abusa anatchula dzina la mwana wanga, madzi anatsika pachipumi pake, ndipo iye m'malo molira anangotsinzina n'kuyasamula. Kumbuyo ndinamva apongozi akusisima, nanenso m'maso munadzaza moti abusa sindinkawaona bwino. Ndinakondwa tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wanga.

Ndikutembenuka kuti ndibwerere pamalo panga, akulu aja anawerama pang'ono ngati akukonza mbale, nkhope ili yopemphera, n'kunong'ona kuti ndimve ndekha.

"Lachiwiri ndidzera kuofesi. Katani mutseke, koma mpando wanga muusiye pomwe paja."